Mmene a Hmong Adaukondera Mzinda wa St. Paul

Mzinda wa St. Paul, likulu la chigawo cha Minnesota m'dziko la America, udakhala pamwamba pa magomo oyera a m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, pamalo pamene eni nthaka oyamba, a mtundu wa Dakota, ankapatchula kuti Imnizaska. Dzina la lero lidachokera ku katchalitchi ka mitengo kamene wansembe Lucien Galtier adamanga pamenepo m'chaka cha 1841. Ndi mzinda wa anthu oposa 300,000, wozizira koopsa kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo uli pakatikati pa mtunda, kutali ndi nyanja yamchere iliyonse. Chisadafike chaka cha 1975 mudalibe banja ngakhale limodzi la mtundu wa Hmong. Pofika 2010 kalembera adapezamo a Hmong pafupifupi 30,000, ndiye kuti mmodzi mwa anthu khumi alionse, ndipo ku America konse kulibe mzinda wina wokhala ndi a Hmong ochuluka chotere.

Kuchuluka kokha sikunena zambiri, pakuti anthu amatha kuunjikana pamalo pamene mitima yawo palibe. A Hmong oyamba sadausankhe mzindawu. Ambiri adali asadaumvepo ndi dzina lomwe, ndipo akuluakulu awo adakhala zaka zambiri akuwerenga masiku, kudikira nthawi yobwerera. Kuti malo ongofikirapo asanduke kwawo padapita mibadwo iwiri, ndipo chikondicho chidadza mochedwa, kudzera m'dothi la m'minda, m'misika ndi m'manda.

A Hmong ndi anthu a m'mapiri. Makolo awo adali kummwera kwa China, ndipo m'zaka za m'ma 1800, atatopa ndi nkhondo ndi misonkho ya mafumu a kumeneko, magulu ena adasamukira ku mapiri a kumpoto kwa Vietnam, Laos ndi Thailand. Ku Laos ankamanga midzi pamwamba penipeni, kumene anthu a m'zigwa sankafuna kukhala, nkumatema ndi kutentha tchire, kudzalapo mpunga, chimanga ndi mbewu ya opium yomwe inkawapezetsa siliva. Mtundu wonse udagawika m'mafuko 18, monga Vang, Yang, Lee, Xiong, Moua, Thao ndi Her. Anthu a fuko limodzi sakwatirana, ndipo mlendo akafika m'mudzi wachilendo amafunsa nyumba ya mnzake wa fuko lake, podziwa kuti kumeneko sakamufunsa chimene wabwerera asadadye. Mwambo umenewu ndi umene pambuyo pake udadzaza misewu ya St. Paul.

Kuyambira 1961 bungwe la akazitape la America, CIA, lidayamba kulemba amuna a Hmong usilikali kuti alimbane ndi asilikali achikomyunizimu a Pathet Lao ndi a kumpoto kwa Vietnam. Mtsogoleri wawo adali mkulu wa asilikali Vang Pao, ndipo likulu lawo lidali m'chigwa cha Long Cheng. Imatchedwa Nkhondo Yachinsinsi chifukwa boma la America silinkavomera poyera kuti likumenya nkhondo ku Laos, ngakhale kuti pakati pa 1964 ndi 1973 ndege zake zidaponya m'dzikolo mabomba olemera matani oposa 2 miliyoni. Amuna atatha, adayamba kutenga anyamata a zaka 13 ndi 14. Mu Meyi 1975, zinthu zitagwa, ndege zidanyamula anthu pafupifupi 2,500 okha kuchoka ku Long Cheng kupita ku Thailand. Otsalawo adayenda wapansi masabata ambiri m'nkhalango, nkukawoloka mtsinje wa Mekong usiku pa nsungwi zomangirira pamodzi. Amayi ankapatsa makanda opium pang'ono kuti asalire pafupi ndi asilikali, ndipo makanda ena sadadzukenso. Kutsidya kudali misasa ya othawa nkhondo. Waukulu mwa yonse, Ban Vinai, udafika posunga anthu oposa 40,000 usadatsekedwe mu 1992.

Nanga ku Minnesota adafikako bwanji? Lamulo la America linkafuna kuti banja lililonse lothawa kwawo likhale ndi wolilandira, ndipo m'chigawochi mudali mabungwe a mipingo ozolowera ntchito imeneyi, makamaka Lutheran Social Service ndi Catholic Charities, pamodzi ndi International Institute of Minnesota. Banja loyamba lidafika chakumapeto kwa 1975. Maganizo a boma adali omwaza othawawo m'mizinda yambirimbiri, mabanja ochepa pano ochepa apo, poganiza kuti akatero asungunuka msanga pakati pa eni dziko. Boma lidaiwala fuko. Munthu amene adaponyedwa yekha kumzinda wina ankangomva kuti mkulu wa fuko lake ali ku St. Paul, ntchito iliko ndipo nyumba za boma zilipo, basi nkukweza banja lonse m'galimoto, ulendo. Kusamuka kwachiwiri kumeneku ndiko kudachulukitsa a Hmong mumzindawu, makamaka lamulo la othawa kwawo la 1980 litatsegula khomo kwambiri.

Zaka zoyambazo zidali zowawa, ndipo sikoyenera kuzidzoza mafuta. Anthu obadwira kumene nthochi zimabala chaka chonse adadzapeza dziko limene mu Januwale kuzizira kumatsika mpaka madigiri 20 kunsi kwa ziro, nyanja zing'onozing'ono nkuuma kuti gwa mpaka galimoto kuyendapo, dzuwa nkulowa isadakwane 5 koloko madzulo. Mabanja ambiri adaikidwa m'nyumba za boma monga za ku McDonough Homes, kapena m'nyumba zakale za lendi za m'dera la Frogtown. Ambiri mwa akuluakulu adali asadapondepo m'kalasi, popeza ngakhale zilembo zolembera chiyankhulo chawo, zimene ambiri amagwiritsa ntchito lero, zidakonzedwa ndi amishonale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Choncho mwamuna amene kwawo ankaweruza milandu ya mudzi wonse, kapena kutsogolera asilikali mazana, adayamba kudalira mwana wake wa zaka khumi kuti amumasulire mawu a dokotala ndi makalata a ku ofesi. Kwa anthu olemekeza ukulu, chimenechi chidali chipongwe chosachita kunena, choposa kuzizira kuja.

Padabweranso mliri wosadziwika. Amuna athanzi, ambiri a zaka za pakati pa 25 ndi 45, ankagona bwinobwino nkufa ali m'tulo. M'zaka za m'ma 1980 a zaumoyo ku America adawerenga imfa zotere zoposa 100 pakati pa othawa kwawo ochokera kummwera chakummawa kwa Asia, ndipo a Hmong ndiwo adakhudzidwa kwambiri. Madokotala ankakayikira kagundidwe ka mtima. Akuluakulu ambiri ankati ndi mizimu, yomwe idakwiya chifukwa chosiyidwa popanda nsembe. Amuna ena ankaopa kugona. Mzinda umene munthu akuopa kutsekamo maso ndi wovuta kuukonda.

Ndiye chifukwa chake mitima idali kumbuyo. Mu 1981 kudakhazikitsidwa gulu lotchedwa Neo Hom, lotsogozedwa ndi Vang Pao ndi anzake, lomwe cholinga chake chidali kulanda Laos m'manja mwa achikomyunizimu. Mabanja osauka ankasonkha ndalama mwezi ndi mwezi, ena atalonjezedwa maudindo m'boma limene likadzakhazikitsidwe. Amuna ambiri sankaona chifukwa chofunsira unzika wa America kapena kugula nyumba, poti ulendo udali pafupi. Akale adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, ndipo kwa mbadwo umenewo St. Paul idali thengo chabe, pogona pa munthu wa paulendo.

Koma mzindawo nawo udali ndi mabala ake, ndipo apa mpamene nkhani ziwirizi zidakumanira. Dera la kummawa, lotchedwa East Side, lidali khomo la alendo kuyambira kale. M'chigwa cha Swede Hollow mudakhala osauka ochokera ku Sweden, kenako a ku Italy, kenako a ku Mexico, mpaka mu 1956 pamene akuluakulu a mzinda adasamutsa otsalawo nkutentha zisakasa zawo. Dera la Rondo, mtima wa anthu akuda a mumzindawu, lidang'ambidwa pakati ndi msewu waukulu wa Interstate 94 m'zaka za m'ma 1960. Mafakitale amene ankadyetsa East Side adayamba kutseka: ya Whirlpool mu 1984, yofulula mowa yomwe kale idali ya Hamm's mu 1997. Ana a azungu ogwira ntchito m'mafakitalemo adasamukira kunja kwa mzinda, nkusiya nyumba zazikulu zakale zotsika mtengo ndi masitolo okhomedwa matabwa. Anthu osowa mudzi adapeza mudzi wosowa anthu.

Oyamba kugwirizana ndi dziko latsopanolo adali amayi, ndipo adagwirizana nalo ndi khasu. Ku Minnesota nyengo yolima ndi yaifupi, kuyambira Meyi mpaka Seputembala, koma nthaka yake ndi yakuda ndi yachonde, ndipo m'miyezi yotentha dzuwa limawala maola oposa 15 patsiku. Amayi adayamba ndi timinda ta kuseri kwa nyumba ndi pa mabwalo a matchalitchi, kudzala mpiru, tsabola, nkhaka, anyezi ndi zitsamba za mankhwala zimene amaphikira nkhuku ya mayi wongobereka kumene. Mbewu zina zidachokera ku Thailand, zotumizidwa ndi achibale. Pambuyo pake mabanja adayamba kubwereka minda kunja kwa mzinda, maekala awiri kapena asanu, nkumadzuka mbandakucha, agogo, makolo ndi ana omwe, kukakolola ndi kutsuka ndiwo zokagulitsa. Msika wa alimi wa St. Paul, umene udayamba m'zaka za m'ma 1850, udapezanso moyo, ndipo m'kupita kwa nthawi alimi a Hmong adaposa theka la ogulitsa m'misika ya alimi ya St. Paul ndi mzinda woyandikana nawo wa Minneapolis. Pamsikapo mpamene mayi wosadziwa Chingerezi ankaima maso ndi maso ndi mzungu wa mumzinda, aliyense akufuna kanthu kwa mnzake. Kumeneku kudali kufanana koyamba.

Komabe munda wobwereka ndi wa mwini. Mlimi sangadzale mtengo wa zipatso kapena kukumba chitsime pamalo pamene chaka chamawa angauzidwe kuti achoke. Mu 2011 alimiwo adakhazikitsa bungwe la Hmong American Farmers Association, lomwe lidapeza munda wa maekala 155 m'boma la Dakota County, kummwera kwa mzinda, nkuugawa kwa mabanja kwa zaka zambiri. Mu 2022 bungwelo lidaugula mundawo. Kuchokera pamene banja loyamba lidafika padali patapita zaka 47.

M'tauni namo zinthu zinkasintha. Msewu wa University Avenue, umene udali utafooka, udadzaza ndi magolosale, malo odyera, maofesi a inshulansi ndi zipatala zazing'ono za a Hmong ndi anzawo a ku Vietnam ndi Cambodia. Mu 2004 malo akale ogulitsira matabwa pa Como Avenue adasandutsidwa msika wa HmongTown Marketplace, ndipo mu 2010 kudatsegulidwa wina waukulu, Hmong Village, ku East Side. M'misika imeneyi muli mapapaya aawisi osinja mu mtondo ndi tsabola, mpunga womata, masoseji, mikanda ya siliva, mizu ya mankhwala ndi nsalu zopeta zotchedwa paj ntaub, zina zojambulidwapo ndi singano nkhani yonse ya ndege, asilikali ndi kuwoloka Mekong. Kwa okalamba, misikayi ndi bwalo. Pamene kunja kuli chipale chofewa chofika m'mawondo, gogo amatha kukhala m'menemo tsiku lonse osayankhula liwu limodzi la Chingerezi.

Zikondwerero nazo zidaphunzira nyengo ya kumeneko. Ku Laos, Chaka Chatsopano chinkachitikira pabwalo atatha kukolola mpunga, anyamata ndi atsikana ataima m'mizere iwiri nkumaponyerana mpira wansalu, komwe ndi kufunsirana kwake. Ku St. Paul mwambowu udalowa m'nyumba yaikulu ya misonkhano ya pakati pa mzinda, kumapeto kwa Novembala, pa masiku a tchuthi cha Thanksgiving pamene anthu sapita ku ntchito. Padabadwanso chikondwerero chimene ku Laos kudalibe. Mu 1980 mabanja adasonkhana pa Harriet Island kudzadyera pamodzi ndi kusewera mpira pa nyengo ya tchuthi cha ufulu wa America, kumayambiriro kwa Julayi. Msonkhanowo udakula nkusamukira ku Como Park, ndipo udayamba kukoka a Hmong zikwizikwi ochokera ku California, Wisconsin ndi maiko ena. Mu 2016 boma la deralo lidafika pomanga mabwalo a tuj lub, masewero a nguli a amuna a Hmong, ku Keller Regional Park. Nguli ya m'mapiri a Laos idalowa m'ndondomeko ya chuma cha boma.

Koma muyeso weniweni wa zonsezi udali pa maliro, ndipo kuti zimveke mpofunika kuyamba ndi kubadwa. Kwa a Hmong osunga mwambo wa makolo, mwana akabadwa nsengwa yake imakwiriridwa pansi m'nyumba momwemo: ya mwana wamwamuna patsinde pa mzati waukulu, ya mwana wamkazi kunsi kwa kama wa makolo. Nsengwayo amaitchula ndi liwu lotanthauza malaya, pakuti ndi chovala choyamba cha munthu. Munthu akamwalira, pamaitanidwa mkulu wodziwa nyimbo yolozera njira, yotchedwa Qhuab Ke. Iyeyo amakhala pafupi ndi mtembo, nkuuza womwalirayo kuti wafadi, kenako nkumutsogolera chobwerera m'malo onse amene adakhalako, mudzi ndi mudzi, kuti akathokoze mizimu ya nthaka ndi madzi a kulikonse, mpaka akafike panyumba pamene adabadwira. Pamenepo mzimu umavala malaya ake aja, ndipo ukatero ndi pamene ungathe kupitirira kwa makolo, motsogozedwa ndi tambala amene amaphedwa pamalirowo. Kenako chitoliro cha nsungwi chotchedwa qeej ndi ng'oma zimalira usana ndi usiku kwa masiku atatu kapena anayi. Aliyense amene adamvapo mawu akuti kwawo kwa munthu ndi kumene kudagwera mchombo wake sangavutike kumvetsa kulemera kwa mwambo umenewu.

Tsono taganizani njira ya gogo womwalirira ku Frogtown. Woimba ayenera kumutulutsa m'nyumba ya njerwa, kumudutsitsa m'mizinda ina ya America imene adakhalako, kumuwolotsa nyanja yamchere, kumufikitsa ku Ban Vinai, kumuwolotsanso Mekong, nkumukweza m'mapiri kukafuna mudzi umene mwina mabomba adaufafaniza kalekale. Mantha a okalamba ambiri adali akuti mzimu udzasochera m'njira yaitali chotere. Ndipo za adzukulu obadwira m'zipatala za ku America zidali zodetsa nkhawa koposa, pakuti nsengwa zawo zinkatayidwa ngati zinyalala za m'chipatala, ndipo m'nyumba zosanja mulibe dothi lokumba. Koma taonani chimene nyimboyo idachita. Poti lamulo lake ndi kutchula malo onse amene munthu adamwako madzi, dzina la St. Paul lidalowa m'nyimbo yopatulika koposa ya mtunduwu, ndipo lidalowa poyambirira penipeni, monga malo oyamba oyenera kuthokozedwa. Palibe adapanga msonkhano kuti zitero. Mwambo wokha udaulandira mzindawo anthu ake asadaulandire.

Maliro otere sankakwana m'nyumba za maliro za azungu, zimene zimatseka madzulo ndipo sizidziwa za ng'oma yolira mpaka mbandakucha. Padapita nthawi ya kusamvana ndi anthu oyandikana nawo komanso ndi malamulo a mzinda. Pang'onopang'ono a Hmong adatsegula nyumba zawozawo za maliro, zokhala ndi makhitchini aakulu ophikira anthu mazana. Maliro adayamba kuikidwa kumapeto kwa sabata kuti achibale ogwira ntchito ndi ochokera kutali afike, ndipo nthawi zina banja linkadikira masabata angapo kuti malo apezeke. Ng'ombe za nsembe zidayamba kuphedwera kunja kwa mzinda. Amene adalowa Chikhristu, omwe ndi ambiri ndithu, adasiya chitoliro ndi tambala koma adasunga kusonkhana kwa masiku angapo ndi kusonkherana ndalama za chipepeso. Ku Oakland Cemetery, manda akale a mumzindawu amene adatsegulidwa mu 1853, miyala yolembedwa Vang, Xiong ndi Yang idayamba kuima pafupi ndi ya abwanamkubwa oyambirira a Minnesota.

Chimene chidatsimikiza za mandawo chidachitikira kutali. Msasa wa Ban Vinai utatsekedwa, a Hmong ambiri oopa kubwezedwa ku Laos adathawira ku kachisi wa Chibuda wa Wat Tham Krabok ku Thailand. Mu 2004 ndi 2005 America idalandira anthu pafupifupi 15,000 ochokera kumeneko, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu lidabwera ku Minnesota. Ulendo uno zidasiyana ndi 1975. Meya wa St. Paul, Randy Kelly, adapita yekha kumsasako ndi gulu la aphunzitsi ndi a zaumoyo, ena mwa iwo a Hmong, kukaona anthu amene akubwera. Koma anthuwo atangochoka, chakumapeto kwa 2005, manda pafupifupi 900 a abale awo amene adatsala pamalo a kachisiyo adafukulidwa, mitembo nkuchotsedwa popanda chilolezo cha mabanja. Zithunzi za kufukulako zidafika ku St. Paul, ndipo kudali kulira ngati maliro achitikanso. Mabanja adadandaula ku boma la America ndi ku United Nations, mothandizidwa ndi a University of Minnesota, ndipo mu Disembala 2008 nthumwi ya bungwelo yoona za anthu a mitundu ya eni nthaka, James Anaya, idabwera kudzamva umboni wawo. Mafupa a ku Thailand adalibe wowalondera. A ku Oakland adali ndi chikalata cha umwini, mpanda, ndi adzukulu okhala mtunda wa mphindi khumi.

Unzika nawo udabwera ndi mkwapulo. Lamulo la 1996 losintha chithandizo cha boma lidadula thandizo kwa anthu ambiri amene sadali nzika, ndipo okalamba amene sakadatha kukhoza mayeso a Chingerezi adagwidwa ndi mantha aakulu. Asilikali akale adavala yunifomu zawo nkupita ku Washington kukakumbutsa boma za ngongole yake. Phungu wa St. Paul, Bruce Vento, mwana wa ku East Side, pamodzi ndi Paul Wellstone wa m'nyumba ya Senate, adalimbikira lamulo lolola asilikaliwo ndi akazi awo kulemba mayeso a unzika kudzera mwa womasulira, ndipo pulezidenti Bill Clinton adalisainira mu 2000. Nthawi imeneyo nkuti ana awo atayamba kale kulowa m'mabwalo a ulamuliro. Mu 1991 Choua Lee adasankhidwa kukhala m'komiti yoyendetsa sukulu za St. Paul, woyamba wa mtundu wake kusankhidwa paudindo uliwonse ku America. Mu Januwale 2002 Mee Moua, amene adabadwira ku Laos nkukhalako m'misasa ali mwana, adapambana mpando wa East Side m'nyumba ya Senate ya Minnesota, ndipo chaka chomwecho Cy Thao adasankhidwa kukalowa m'nyumba inayo.

Sikuti mzindawo udawakumbatira ndi manja awiri nthawi zonse. Mu 1998 woulutsa mawu wina wotchuka pa wailesi ya m'deralo adanyoza miyambo ya a Hmong, nkunena kuti atengere chikhalidwe cha eni dziko, apo ayi aone msewu. Makolo akadangomeza mawuwo, monga amachitira mlendo. Achinyamata adakana. Adachita zionetsero miyezi ingapo, makampani ena adachotsa malonda awo pa wailesiyo, ndipo pomaliza idapepesa. Mu Novembala 2004 mlenje wina wa mtundu wa Hmong wokhala ku St. Paul adapha alenje asanu ndi mmodzi achizungu m'nkhalango ya ku Wisconsin atakangana za malo osakirapo, ndipo mtundu wonse udasenza chidani cha mlandu wa munthu mmodzi. M'nyumba namo mudali misozi: magulu a anyamata achifwamba, atsikana okwatiwa adakali aang'ono, nkhanza za m'banja zimene amayi ena adayamba kuzidzudzula poyera ngakhale akuluakulu a mafuko sadakondwere. Koma pofika nthawiyi madandaulo adali atasintha kamvekedwe. Mlendo akazunzika amamanga katundu. Awa ankapita ku khonsolo, ku khoti ndi ku nyuzipepala, monga amachitira munthu amene denga la nyumba yake likudontha.

Maloto obwerera adazilala pang'onopang'ono. Mu 2007 Vang Pao adamangidwa ku California pomuganizira kuti akukonza chiwembu cholanda boma la Laos, ndipo mlandu wake udathetsedwa mu 2009. Adamwalira mu Januwale 2011. Pempho loti aikidwe ku manda a asilikali a Arlington lidakanidwa, zomwe zidawawa asilikali ake kwambiri. Patapita zaka zisanu, mu 2016, chipilala chokumbukira asilikali a Hmong ndi a Lao chidaimikidwa pabwalo la nyumba ya malamulo ya Minnesota, pakati pa zipilala za asilikali ena a chigawochi. Nkhondo imene boma linkaikana idalembedwa pachitsulo, pakhomo pa boma, mumzinda wa adzukulu a amene adaimenya.

Adzukuluwo ndiwo adamaliza zimene agogo awo sakadaziganiza. Pa 29 Julayi 2021 Sunisa Lee, wobadwira ku St. Paul mu 2003, adapata mendulo ya golide pa masewero a gymnastics ku mpikisano wa Olympics ku Tokyo, achibale ake mazana akuonerera pamodzi pa wailesi ya kanema mmamawa. Atabwerako, anthu zikwizikwi a mitundu yonse adadzaza msewu wa White Bear Avenue ku East Side kudzamulandira, aliyense akuti ndi mwana wa kwawo. Mu Novembala 2025 anthu a mumzindawu adasankha Kaohly Her, wobadwira ku Laos amene adafika ku America ali kamwana, kukhala meya, mayi woyamba komanso wa mtundu wa Hmong woyamba paudindowo. Kalembera wa 2020 adapeza a Hmong oposa 90,000 m'chigawo chonse cha Minnesota.

Mtengo wake ulipo, ndipo ukulipidwa ndi lilime. Ana ambiri a mbadwo wachitatu amamva chiyankhulo cha agogo awo koma amayankha m'Chingerezi, ndipo odziwa nyimbo yolozera njira pamtima akucheperachepera. Nchifukwa chake bungwe la Hmong Cultural Center, lokhazikitsidwa mu 1992, limaphunzitsa achinyamata kuimba qeej ndi nyimbo za maliro ndi ukwati m'kalasi, zinthu zimene kale mwana ankaziphunzira usiku kwa mkulu wa m'mudzi. Yunivesite ya Concordia ya mumzindawu idatsegula malo ophunzirira ndi kusunga mbiri ya a Hmong mu 2004. Sukulu za boma za St. Paul, zomwe zija zinkalandira ana osadziwa liwu la Chingerezi, tsopano zili ndi makalasi ophunzitsa m'ziyankhulo ziwiri, kumene ana obadwira ku East Side amayamba ndi kulemba dzina la mtundu wawo. Amalilemba Hmoob, ndipo mphunzitsi amawauza kuti chilembo chomalizacho sichitchulidwa, chimangosonyeza kuti mawu akwere.